Tebulo lanu lasokonekeranso? Yambani mwafufuza apa

Mlembi wa gulu la poupança (losunga ndi kubwereketsana ndalama) ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, akalemba mayina a anthu ndi ndalama zimene asonkha mwezi umenewo, pa foni yake zonse zimaoneka zili m'mizere yowongoka. Akangotumiza pa WhatsApp, mayi msungichuma ku Domue amalandira zina: dzina lili apa, ndalama yake yathawira pansi pa dzina la munthu wina, mzere womaliza wadukadukira pawiri. Aphunzitsi okonza pauta, ndandanda ija ya mayina a ana ndi zotsatira za mayeso awo, amakumana ndi zofananazo, amalonda a mbatatesi ndi soya chimodzimodzi. Ambiri amaloza chala netiweki kapena foni ya mnzawo. Netiweki sikhotetsa mizere. Pafupifupi nthawi zonse vuto limakhala limodzi mwa awiri: tebulolo linamangidwa ndi mipata chabe, kapena makina amene alitsegula akuwerenga manambala ndi lamulo losiyana ndi la amene analemba.

Choncho musanakhudze batani lililonse, dziwani kumene tebulolo likawerengedwere. Loti likamatidwe pakhoma la sukulu, loti munthu aliwerenge pa kafoni ka Itel ali kumunda, ndi loti wina akawonjezeremo manambala, ndi matebulo atatu osiyana ngakhale nkhani yake ili imodzi.

Mizere ikukhota pa WhatsApp

WhatsApp ilibe tebulo lenileni. Zilembo zake n'zosiyana kukula kwake: i ndi wowonda, m ndi wonenepa, ndipo mpata umene mumaika pakati pa mawu ndi wowonda kuposa zilembo zambiri. Mukamadina mipata kuti manambala ayang'anizane, mukuunga mizere ya m'munda popanda chingwe. Pa foni yanu zioneka ngati zatheka, koma mnzanu amene anakulitsa zilembo chifukwa cha maso, kapena amene foni yake ndi yopapatiza, aona zokhotakhota.

Chingwe chake chilipo. Ikani tizizindikiro titatu iti ``` poyamba pa uthenga ndi titatu tina pomaliza. Zilembo zonse zapakati zimasanduka za msinkhu umodzi, ndiye mipata imayamba kumvera:

```
Mbewu      Matumba
Chimanga        40
Soya            12
Nyemba           7
```

Kachizindikiroka kamabisala patsamba lachiwiri la zizindikiro pa kiyibodi ya foni, ndipo si kofanana ndi kaja timaika polemba ng'ombe kapena m'mudzi. Ambiri amalakwa pomwepa, nkumadabwa kuti palibe chasintha. Sungani mzere uliwonse waufupi, zilembo zosapitirira 25 kapena 30 powerenga ndi mipata yomwe, chifukwa ukatalika foni imaupinda n'kugwetsera mchira wake pansi. Musaikemo tizithunzi ta nkhope zoseka tija, timasokoneza muyeso. Ndipo ngati madanga apitirira atatu, ine ndimati lekani kulimbana nazo. Lembani munthu aliyense pa mzere wake, mwachitsanzo dzina, kenako "wasonkha 500, ngongole 200", kapena konzani tebulo lenileni kwina mutumize ngati PDF.

Kujambula chithunzi cha tebulo kumathandiza pa kanthu kakang'ono. Pa ndandanda ya anthu 40 ayi, chifukwa WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chisadye mega zambiri, ndipo 3 ndi 8 amayamba kufanana. Pa nkhani ya ndalama kufanana kumeneko kumadanitsa anthu. Mukafuna kuti chifike mmene chilili, chitumizeni podzera pa Documento.

Mu Word: tebulo lopanda tebulo

Wina akakupatsani fayilo kuti muikonze, choyamba dinani batani la chizindikiro ichi ¶ pamwamba. Limaonetsa zobisika. Mukaona timadontho tambirimbiri pakati pa dzina ndi nambala, dziwani kuti palibe tebulo, pali mipata yokha. Kuwonjezera dzina limodzi lalitali, kapena kusintha mtundu wa zilembo, kumagwetsa zonse.

Simuyenera kulemba mwatsopano. Pakati pa danga ndi danga chotsani mipatayo muike Tab mmodzi yekha. Kenako sankhani mizere yonse, pitani pa Inserir, Tabela, Converter Texto em Tabela. Pa Word ya Chingerezi njira ndi yomweyo, mayina ake ndi Insert, Table, Convert Text to Table. Mukaona danga lopanda kanthu latulukira pakati, ndiye kuti pa mzere wina munadina Tab kawiri.

Tebulo lotuluka kunja kwa pepala limabwera kawirikawiri mukalikopera kuchokera ku Excel. Dinani m'kati mwake, pezani Ajuste Automático, musankhe kuti lilingane ndi kukula kwa tsamba. Likafinyikana mpaka mayina kumaduka pakati, musachepetse zilembo kufikira agogo osaziona. Goneketsani pepala, lichoke pa Vertical lipite pa Horizontal. Pauta yokhala ndi maphunziro onse ndi ma trimestre atatu siingakwane pa pepala loimirira, ngakhale mutalimbana nayo tsiku lonse.

Ndandanda ikadutsa tsamba limodzi, tsamba lachiwiri limayamba ndi manambala opanda mitu, ndipo wowerenga sadziwa kuti danga ili ndi la ngongole kapena la chiwongoladzanja. Musalembenso mituyo pamanja, chifukwa mukadzawonjezera mzere umodzi pamwamba, mitu yanu idzapezeka pakati pa tsamba. Dinani mzere woyamba, musankhe Repetir Linhas de Cabeçalho. Zikakana, onani pa Propriedades da Tabela ngati mawu anaikidwa kuti azizungulira tebulo. Zikakhala choncho mitu siibwereza, muchotse kaye zimenezo. Pomwepo, pa gawo la Linha, mutha kuletsa kuti mzere umodzi usagawike pa masamba awiri.

Pali kavuto kena kamene kamadyera anthu ndalama pa fotokope: tsamba loyera lomaliza limene likukana kuchoka. Word imasunga kamzere kopanda kanthu pansi pa tebulo lililonse ndipo sikafufutika. Tebulo likadzaza tsamba, kamzereko kamagwera pa tsamba lotsatira. Dinani ¶ uja, sankhani kachizindikiro kali kokha patsambalo, muchepetse kukula kwake kufika pa 1. Tsambalo lizimiririka. Ndipo ngati mwasankha tebulo lonse kuti mulichotse koma mizere ikutsalabe, mukudina Delete. Iyeyu amangochotsa za m'kati. Backspace ndi amene amachotsa tebulo lenilenilo.

Vírgula ndi kadontho: vuto lathu la m'malire

Apa ndi pamene ndikufuna mukhazikike, chifukwa vutoli silioneka ndi maso. Mizere imakhala yowongoka bwinobwino, koma masamu ndi abodza.

Kusukulu kuno tinaphunzira kulemba theka ndi vírgula: 12,5. Kadontho timakagwiritsa ntchito polekanitsa masauzande: 1.500 MT. Abale athu a tsidya la Malawi amachita mosemphana, amalemba 12.5 ndi K1,500. Ife a ku Angónia, Tsangano ndi Zóbuè timakhala pakati pa malamulo awiriwa tsiku ndi tsiku. Munthu amagula laputopu ku Lilongwe, nkuwoloka nayo pa Calómuè, nkuyamba kulemba mitengo monga anazolowera. Akalemba 1.500 pa makina otsata lamulo la Chingerezi, Excel imamva kuti ndi metical imodzi ndi theka. Mnzake wa ku Dedza akalemba 1,500 pa makina otsata Chipwitikizi, zimachitika zomwezo. Palibe uthenga wochenjeza. Mumangoona kuti chiwerengero chapansi n'chochepa modabwitsa, nkuyamba kukayikira msungichuma.

Nthawi zina Excel siisintha nambala, imangoitenga ngati mawu. Mphunzitsi akalemba 12.5 pa makina ofuna vírgula, kawirikawiri ndi zimene zimachitika. Ndiye SOMA ndi MÉDIA, mafomula owonkhetsa ndi opezera avereji, zimaidumpha mwakachetechete. Mwana amene analemba mayeso atatu amapatsidwa avereji ya mayeso awiri, ndipo pa muyeso wathu wa 0 mpaka 20, pamene malire opambana ali pa 10, kudumpha kumodzi kumatha kukweza kapena kugwetsa mwana. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati simunasinthe kayang'anidwe ka timabokosi, nambala yeniyeni imatsamira kumanja, mawu amatsamira kumanzere. Yendetsani maso kutsika m'danga lonse. Iliyonse imene yatsamira kumanzere, kapena ili ndi kachizindikiro kobiriwira pakona, ndi yokayikitsa. N'chifukwa chake sindikonda chizolowezi choika manambala onse pakati kuti tebulo likongole: mumaphimba chizindikiro chokhacho chimene chikanakupulumutsani.

Pa nkhani ya MÉDIA yomweyi, kabokosi kosiyidwa kopanda kanthu kamadumphidwa, koma 0 amawerengedwa. Mwana amene sanabwere pa mayeso, aphunzitsi gamulani nokha kuti mukumupatsa 0 kapena ayi, musasiyire makina.

Mankhwala a vuto la vírgula ndi kadontholi ndi atatu, ndipo oyamba ndi amene ndimadalira. Lembani nambala yosavala kanthu: 1500, osati 1.500, osati 1,500, osatinso 1500 MT. Mawu oti MT kapena Kwacha akhale pa mutu wa danga. Mukafuna kuti masauzande azioneka olekanitsidwa, sankhani dangalo, dinani Ctrl ndi 1, musankhe Número n'kuchonga kabokosi ka cholekanitsira masauzande, makina adzaika okha chizindikiro choyenera kwa aliyense wotsegula. Ochita malonda ku Lizulu kapena ku Biriwiri, amene mumalandira ndalama za mitundu iwiri, musaziike m'danga limodzi. Meticais danga lake, makwacha danga lake, mtengo wosinthira wa tsikulo m'kabokosi kakekake.

Achiwiri, dziwani lamulo la makina anu. Lembani 1,5 m'kabokosi kopanda kanthu ndi 1.5 m'kena, muone imene yatsamira kumanja ili mmene munailembera. Anthu ambiri amaganiza kuti chilankhulo cha mabatani ndi chimene chimalamula. Si choncho. Word ndi Excel zitha kukhala za Chipwitikizi pamene Windows inaikidwa pa dziko la United States. Chimene chimalamula vírgula ndi gawo la Região mu Painel de Controlo, kapena mutha kusintha mu Excel momwemo pa Opções, Avançadas, pamene pali zolekanitsira manambala. Pa Google Sheets zimasinthidwa pa fayilo iliyonse payokha, m'zokonzera za fayiloyo.

Achitatu ndi okonza zowonongeka kale. Ngati manambala anasanduka mawu, sankhani danga lokhalo, gwiritsani ntchito Localizar e Substituir kusintha kadontho kukhala vírgula. Koma ngati 1.500 inamezedwa kale kukhala 1,5, bwererani ku kope lanu la pamanja mulembenso. Musachulukitse danga lonse ndi 1000, chifukwa wa 500 uja, amene analembedwa bwino, asanduka mwini theka la miliyoni.

Chotonthoza n'chakuti fayilo ya Excel yeniyeni, ija yothera ndi .xlsx, imawoloka malire popanda vuto. Nambala ikalowa bwino kuno, ikatsegulidwa ku Ntcheu imangosintha maonekedwe, 12,5 kukhala 12.5, ndipo SOMA imasanduka SUM payokha. Vuto limabadwa polemba ndi pomata zimene mwakopera ku WhatsApp kapena ku PDF. Limabadwanso mukakopera fomula imene wina wakulemberani. Ya Chingerezi imalekanitsa zigawo ndi vírgula, pamene makina a lamulo lathu amafuna chizindikiro ichi ; motere: =SE(B2>=10;"Aprovado";"Reprovado"). Excel ikakana fomula imene ikuoneka yolondola, yang'anani pamenepo musanayang'ane kwina.

Fayilo yothera ndi .csv ili ndi matenda omwewo. Mukaitsegula zonse n'kuunjikana m'danga loyamba, sinawonongeke. Inalembedwa ndi vírgula pamene makina anu amayembekezera chizindikiro ichi ; kapena mosemphana. Sankhani dangalo, pitani pa Dados, Texto para Colunas, muwauze makinawo chizindikiro chimene chikulekanitsa.

Excel ikulemba zimene simunalembe

Nambala za foni ndi zimene zimavutitsidwa kwambiri. Ya kuno ili ndi manambala 9, ndipo mukaiyamba ndi 258 amakwana 12. Excel ikaona nambala yotalika choncho imaifupikitsa kukhala chinthu chonga 2,58841E+11, ndipo + wakutsogolo amasowa. Nambala za ku Malawi zimayamba ndi 0, ndiye 0 ameneyo amadyedwa. Pa ndandanda yolipirira anthu pa M-Pesa kapena e-Mola, zimenezi si zamasewera. Musanalembe ngakhale nambala imodzi, sankhani danga lonse, Ctrl ndi 1, musankhe Texto. Kapena yambani nambala iliyonse ndi kachizindikiro ka pa ng'ombe kaja, sikaoneka m'kabokosi koma kamauza makina kuti asakhudze. Chitani chimodzimodzi ndi NUIT (nambala ya msonkho) ndi nambala za akaunti ya kubanki. Izi za kubanki samalani nazo koposa: Excel imasunga manambala 15 oyamba okha, otsalawo imawasandutsa ziro, ndipo sabwereranso.

Wolemba theka la thumba ngati 1/2 amapeza tsiku la pa kalendala. Wolemba zaka 10-12 amapezanso tsiku. Mankhwala ndi omwewo a Texto, kapena lembani 0,5 ngati mukufuna kuti ziwerengedwe. Masiku enieni nawo amatembenuka pa makina oikidwa pa United States, kumene mwezi umayamba: 03/04 imene inu mukuti 3 Epulo, iwo amati 4 Malichi. Choipa chake, masiku oposa 12 satembenuka, amangosanduka mawu, ndiye danga limodzi limakhala ndi theka lotembenuka ndi theka losatembenuka.

Mukaona ##### musachite mantha, palibe chatayika. Danga lachepa. Dinani kawiri pa malire a dangalo pamwamba pomwe pali zilembo A, B, C, lidzitambasula lokha.

Mayina ali m'ndondomeko, ndalama zasochera

Ili ndi limene limabweretsa milandu kwa a mfumu. Munthu akufuna mayina ayambe ndi A kutsika mpaka Z, nkusankha danga la mayina lokha, nkudina Ordenar. Mayina amasuntha, ndalama zimatsala pamene zinali. Excel imafunsa ngati mukufuna kuphatikiza madanga oyandikana, koma ambiri timadina mofulumira osawerenga. Mukazindikira nthawi yomweyo, Ctrl ndi Z akubwezerani. Mukasunga n'kutseka, mwatsala ndi kope la pamanja basi.

Ngakhale mutavomera kuphatikiza, danga lopanda kanthu limene munasiya pakati kuti pakongole limadula tebulo pawiri, ndipo za kuseri kwake sizisuntha. Mzere wopanda kanthu umachitanso zomwezo. Timabokosi tophatikizidwa ndi Unir e Centrar timaletsa kusanja kumene. Tebulo logwirira ntchito likhale losakongoletsedwa: mzere umodzi wa mitu, munthu mmodzi pa mzere umodzi, popanda mipata. Dzina la gulu ndi la mwezi likhale pamwamba, lolekanitsidwa ndi mzere umodzi wopanda kanthu, ndipo chiwerengero chonse musachiphatikize posanja. Ndimalangizanso kuika danga loyamba la 1, 2, 3 lolembedwa monga mmene zilili m'kope, kuti tsiku lina mutha kubwezera ndandanda mmene inalili.

Popita kukasindikiza

Mizere yotuwa imene mumaona pa Excel siituluka pa pepala. Mukafuna timabokosi tooneka, sankhani tebulo muike malire onse pa batani la Limites, limene pa Chipwitikizi cha ku Brazil limalembedwa Bordas. Onaninso kukula kwa pepala. Kuno timagula A4, koma makina oikidwa pa United States amayamba ndi Letter, limene ndi lalifupi ndiponso lotambalala pang'ono, ndiye mizere yapansi imasamukira tsamba lina. Danga limodzi lomaliza likamatuluka lokha pa tsamba lachiwiri, pa zokonzera kusindikiza sankhani kuti madanga onse akwane pa tsamba limodzi m'lifupi, koma kutalika musiye kuti kupitirire masamba angapo. Mukakakamiza ndandanda ya anthu 200 pa tsamba limodzi, mudzafunika galasi lokulitsira.

Fayilo imene munakonza pa foni ndi WPS Office ikatsegulidwa pa kompyuta ya pa fotokope ku Furancungo kapena ku Moatize, mtundu wa zilembo utha kusapezeka, makina nkuika wina wonenepa pang'ono, ndipo mayina aatali amagwera pa mzere wachiwiri. Ndiye pitani ndi PDF. Itsegulani kaye pa foni yanu, muwerenge masamba, muone danga lomaliza kumanja ndi mzere womaliza pansi. Fayilo ya Word kapena ya Excel isungeni padera ya inu nokha ndi amene akuyenera kuwonjezeramo, ndipo pa dzina lake muike mwezi ndi chaka, monga poupanca-2025-06, kuti mwezi wamawa musalembe pamwamba pa ya mwezi uno.